Kodi manambala a pa lipoti la MRI akutanthauza kuti ubongo wa mlongo wanga wafota?

Mlongo wa Kalipentala, Chinamwali

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndalemba kuno podziwa kuti pakati pathu pali ogwira ntchito zachipatala, ndipo nkhani yomwe ndabwera nayo yatisowetsa tulo pabanja pathu.

Mlongo wanga, yemwe ali ndi zaka 34 ndipo amapala matabwa kufupi ndi msika wa Mpondabwino, anagwa pa njinga yamoto ya kabaza mu Januwale pobwerera kunyumba mvula itangokata kumene. Analibe chipewa choteteza mutu. Omwe anaona ngoziyo akuti anakomoka kwa mphindi ngati zisanu, ndipo atatsitsimuka ankafunsa mobwerezabwereza kuti ali kuti. Kuchipatala anamusoka bala la pachipumi, anagonako usiku umodzi, m'kabuku kake analembamo kuti GCS 14, womwe akuti ndi muyeso wa mmene wovulala mutu watsitsimukira, ndipo anatiuza kuti wavulala pang'ono chabe. Koma papita miyezi isanu ndi itatu tsopano ndipo munthu uja sanabwerere mwakale. Mutu umamupweteka dzuwa likakwera, phokoso la makina ochekera matabwa limamukwiyitsa, ndipo chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri n'chakuti amayeza thabwa ndi tepi, n'kuyenda mapazi atatu kupita pa sowo, pofika apo nambala ija wayiiwala. Masiku ano amalemba muyeso uliwonse ndi pensulo pa thabwa lomwelo, chinthu chomwe sankachita n'komwe.

Achimwene athu aakulu, omwe amagwira ntchito ku Johannesburg, anamuitanitsa n'kumulipirira MRI, makina ojambula m'kati mwa mutu, kuchipatala china cha kumeneko. Lipoti labwera ndi masamba awiri. Tsamba loyamba ndi mawu a dokotala wowerenga zithunzi, ndipo akuti sanaone magazi, chotupa kapena chilema chilichonse. Tsamba lachiwiri ndi tebulo lomwe akuti linapangidwa ndi kompyuta, lili ndi mayina a zigawo za ubongo pafupifupi 40, ndipo pa mzere wa hippocampus ya kumanzere, chigawo chomwe akuti chimathandiza kukumbukira, pali nambala 4 yolembedwa mofiira. Achimwene anatanthauzira kuti chigawo chimenecho changotsala 4 peresenti, ndipo mayi athu chimvereni zimenezi akungolira kuti mwana wawo adzathera ku Mental.

Ndikupempha amene akudziwa kuti atithandize. Kodi kompyuta imayeza bwanji kukula kwa ubongo wa munthu wamoyo? Nanga bwanji tsamba loyamba likuti zonse zili bwino pomwe lachiwiri lili ndi nambala yofiira? Kodi tikhulupirire liti?

Wojambula Zithunzi

Achemwali, pepani ndi zomwe zagwera banja lanu. Choyamba, chonde auzeni mayi lero lomwe kuti nambala 4 ija sikutanthauza kuti kwatsala 4 peresenti ya chigawo chimenecho. Chikhala kuti hippocampus yake yatha motero, dokotala wowerenga zithunzi akanaona zimenezo ndi maso ake nthawi yomweyo.

Ndifotokoze mmene ntchitoyi imayendera. Makina a MRI akamajambula mutu pofuna kuyeza, amagawa chithunzicho m'timabokosi ting'onoting'ono totchedwa voxel, kawirikawiri kalikonse kotalika milimita imodzi mbali zonse zitatu. Ubongo wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 1.3 kapena 1.4, ndipo m'chithunzi umadzaza timabokosi toposa miliyoni imodzi. Pulogalamu ya pakompyuta imayamba yachotsa chibade, khungu ndi maso pachithunzicho, kenako imayang'ana kabokosi kalikonse n'kugamula kuti aka ndi ka mnofu wotuwa wa kunja kwa ubongo, aka ndi ka mnofu woyera wa m'kati momwe mumadutsa mitsempha yonyamula mauthenga, aka ndi ka madzi a mu ubongo. Ikatero imafanizira mutuwo ndi mapu a ubongo omwe akatswiri anawalemba kale ndi manja, kuti idziwe pomwe hippocampus yayambira ndi pomwe yathera, ndipo imawerenga timabokosi ta chigawo chilichonse. Kuchuluka kwa timabokosi ndiko kukula kwa chigawocho. Kale katswiri ankazunguliza malire amenewa pachithunzi chimodzichimodzi, ntchito yotenga nthawi yaitali ngakhale pa chigawo chimodzi chokha.

Mapulogalamu ochita zimenezi alipo angapo. FreeSurfer inapangidwa ndi ofufuza a ku Massachusetts General Hospital ku America, ndi yaulere, imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa kafukufuku, ndipo imatha maola angapo pa mutu umodzi. NeuroQuant ndi ya malonda, inavomerezedwa ndi bungwe loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala la FDA ku America mu 2006, ndipo imatulutsa zotsatira m'mphindi zochepa. Palinso icobrain ya kampani ya ku Leuven ku Belgium, komanso SIENA ya ku Oxford, yomwe ntchito yake ndi kufanizira zithunzi ziwiri za munthu mmodzi zojambulidwa nthawi zosiyana. Dzina la yomwe inagwiritsidwa ntchito pa mlongo wanu liyenera kukhala pamwamba kapena pansi pa tsamba lachiwirilo. Mutu umodzi womwewo ukaperekedwa ku mapulogalamu awiri, manambala amatuluka osiyana, makamaka pa zigawo zazing'ono ngati hippocampus, yomwe kukula kwake ndi pafupifupi masentimita atatu kapena anayi a kiyubiki mbali iliyonse, kutanthauza kuti siidzaza ngakhale supuni ya tiyi. Pa kanthu kakang'ono chonchi, malire akangosuntha ndi kabokosi kamodzi kuzungulira konse, nambala imasintha kwambiri.

Ife ojambula timadziwanso kuti wodwala akagwedeza mutu pang'ono, ngakhale pomeza malovu, malire a mnofu wotuwa amachita chimbuuzi ndipo kompyuta imawerenga mnofu wochepa kuposa womwe ulipo. Munthu yemwe phokoso limamuvuta, ngati mmene mwafotokozera, sachedwa kugwedezeka m'makina aja, chifukwa amagogoda mwamphamvu kwa mphindi zambiri. N'chifukwa chake dokotala amayenera kuyang'ana mitundu yomwe kompyuta yapaka pa chithunzi kuti aone ngati yapaka pamalo oyenera asanavomereze tebulolo. Funsani ngati zimenezi zinachitika.

Mphunzitsi wa Masamu, Chirunga

Mayi, ine si wachipatala, koma nambala yofiirayo ndi nkhani ya masamu ndipo pamenepo ndingathandizepo. Nambala 4 ikutanthauza kuti mutasonkhanitsa amuna 100 a msinkhu wa mlongo wanu omwe ali m'kaundula wa anthu athanzi omwe pulogalamuyo imafanizira nawo, n'kuwandandalika kuyambira wa hippocampus yaing'ono kufikira wa yaikulu, poganiziranso kukula kwa chibade cha aliyense, iye angaime cha pa nambala 4. Ndi malo a pamzere basi. M'kalasi la ana 100 athanzi lawo pamakhalabe mwana wachinayi kwa ofupika, ndipo palibe amene amati mwanayo wafota.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa mizere ya tebulo. Mapulogalamu ambiri amafiiritsa chigawo chilichonse chomwe chagwera pansi pa 5. Ngati zigawo zoyezedwa zili 40, ndipo chilichonse chili ndi mwayi wa 5 pa 100 wogwera pansipo mwa munthu wabwinobwino, ndiye kuti tikatenga anthu ambiri athanzi n'kugawa mofanana, aliyense angakhale ndi mizere iwiri yofiira. Mzere umodzi wofiira pa tebulo lalitali chotero si chinthu chodabwitsa.

Koma chomwe chimandikhudza kwambiri ndi funso lakuti anthu 100 ajawo ndi ndani. Kaundula wa mapulogalamu amenewa anamangidwa makamaka ndi zithunzi za anthu a ku America ndi ku Ulaya. Mnyamata wobadwira kuno, yemwe mwina anadwalapo malungo aakulu ali wamng'ono kapena anakula m'zaka za njala, akuyezedwa ndi muyeso wa anthu omwe anakula m'moyo wina. Mwina kusiyanako n'kochepa, koma kuti tinene motsimikiza kuti 4 wa kumeneko ndi 4 wa kuno, pafunika kaundula wa Amalawi athanzi a misinkhu yonse.

Ndipereke chitsanzo cha kumudzi. Mukatsegula nkhokwe mu Novembala n'kupeza thumba la chimanga likulemera makilogalamu 44, simunganene kuti anankafumbwe adya makilogalamu 6 pokhapokha ngati munaliyeza pokolola n'kupeza 50. N'kutheka kuti thumbalo silinadzaze chiyambire. Mlongo wanu alibe chithunzi cha ngozi isanachitike, choncho tebuloli likumufanizira ndi anthu ena, osati ndi mmene iye analili mu Disembala. Mawu akuti kufota amafuna miyeso iwiri, ndipo inu muli ndi umodzi.

Kiliniko Ofesa, Matawale

Ndikugwirizana ndi onse awiri, koma ndili ndi nkhawa kuti achemwali athuwa angachoke pano akuganiza kuti poti tebulo silikutsimikizira kanthu ndiye kuti mlongo wawo alibe vuto. Vuto lilipo, ndipo umboni wake ndi pensulo ija pa thabwa.

Mawu akuti kuvulala pang'ono amasocheretsa mabanja ambiri. Amachokera pa muyeso wa Glasgow Coma Scale (GCS ija ya m'kabuku), womwe Graham Teasdale ndi Bryan Jennett anaulemba mu 1974 ku Scotland, ndipo umayang'ana zinthu zitatu zokha, kutsegula maso, kuyankhula ndi kusuntha ziwalo, n'kupereka mapointi kuyambira 3 mpaka 15. Wopeza 13 mpaka 15, yemwe anakomoka kosapitirira mphindi 30 ndipo kusokonezeka kwa chikumbumtima cha zochitika kunatha pasanathe maola 24, ndiye amalembedwa kuti wavulala pang'ono. Muyeso umenewu unapangidwa kuti utithandize kudziwa yemwe ali pangozi ya imfa usiku umenewo. Sunena kalikonse za mmene munthuyo adzagwirire ntchito yake pakatha miyezi isanu ndi itatu. Ambiri amachira m'masabata kapena miyezi yochepa, koma si onse. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa TRACK-TBI anafalitsa mu 2019 kuti mwa odwala otere omwe anafika ku zipatala zazikulu za ngozi, oposa theka pang'ono ankanenabe kuti china chake sichinabwerere mwakale patatha chaka chathunthu.

Chifukwa chake n'chakuti ubongo ndi wofewa ndipo umayandama m'madzi m'kati mwa chibade. Mutu ukamenyetseka n'kupotoka mwadzidzidzi, timitsempha tatitali tonyamula mauthenga timakokeka, tina timaduka, ndipo timeneti n'tating'ono kwambiri moti CT kapena MRI wamba sationa. Ndiye masamba anu awiri aja sakutsutsana kwenikweni. Loyamba likuti palibe chachikulu chooneka ndi maso, zomwe ndi nkhani yabwino. Lachiwiri ndi kuyesa kwa akatswiri kupeza chizindikiro cha zosaonekazo, poganiza kuti timitsempha tikafa, mnofu umachepa pang'onopang'ono ndipo timapanga ta madzi ta m'kati mwa ubongo timakula. Ganizoli lili ndi maziko. Mu 2013 ofufuza a ku New York University anajambula odwala osakwana 30 atangovulala, n'kujambulanso ambiri a iwo patatha chaka, ndipo anapeza kuti ubongo wawo unachepa kuposa wa anthu osavulala. Koma zimenezo zinaoneka pofanizira gulu ndi gulu, ndipo kafukufuku wina sanapeze zofanana nthawi zonse. Kuchoka pa gulu kufika pa munthu mmodzi wokhala pamaso panga pali mtunda wautali, n'chifukwa chake matenda amenewa timawazindikirabe pomvetsera mbiri ya ngozi ndi kumuyeza wodwalayo, osati ndi tebulo.

Ndionjezere pa mfundo ya aphunzitsi kuti zochepetsa ubongo n'zambiri ndipo zina n'zofala kuno: mowa wa zaka zambiri makamaka kachasu, HIV yomwe yakhala nthawi yaitali osalandira mankhwala, kuthamanga kwa magazi, shuga, ndi khunyu. Sindikunena kuti mlongo wanu ali ndi chimodzi mwa izi, koma dokotala wosamala adzafunsa ndi kuyeza zonsezi asanaloze chala pa ngozi ya kabaza.

Zoti muchite zilipo. Apite kukaonedwanso ndi lipoti lonse komanso kabuku kake, ndipo inu mupite naye chifukwa woiwala safotokoza bwino kuiwala kwake. Mufunse za tulo, chifukwa kusagona kumawonjezera mutu ndi kuiwala. Muwerengere masiku omwe amamwa Panado kapena Brufen, pakuti kumwa mankhwala a ululu masiku ambiri pamwezi kumayambitsanso mutu wina wosatha. Mufunsenso ngati ali ndi nkhawa kapena mtima wosweka, zomwe zimabwera kawirikawiri munthu akavulala m'mutu ndipo zimachizika. Pamenepa ndipemphe kuti dzina la Zomba Mental Hospital lisakhale choopsezera mayi. Kumeneko kuli anthu odziwa za maganizo ndi kukumbukira, ndipo kupita kukaonana nawo sikutanthauza misala. Kuntchito agwire maola ochepa, azipumula mutu usanayambe, atseke makutu pa makina, aleke mowa, ndipo asakwerenso njinga yamoto opanda chipewa. Koma akayamba kusanza mobwerezabwereza, kugona kosadzutsika, kukomoka ngati wakhunyu, kufooka mbali imodzi ya thupi, kapena mutu womwe ukukulirakulira tsiku ndi tsiku, musadikire tsiku la kiliniki, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Bambo wa ku Thondwe

Ine funso langa ndi la ndalama, pakuti ndinayendapo njira imeneyi mwana wanga atagundidwa ndi minibasi. A inshulansi ankafuna chooneka, ndipo poti chithunzi chinalibe kanthu, nkhani ya chipukuta misozi inatenga nthawi yaitali ngati kuti mwanayo akunamizira. Ndiye ndikufunsa a Wojambula, kodi si bwino kuti banjali ligwiritsitse nambala yofiirayo monga umboni, kapenanso akajambulitse kachiwiri kuti miyeso ikhale iwiri monga aphunzitsi anenera? Anthu osauka tikasowa pepala sitimvedwa.

Wojambula Zithunzi

Bambo, ululu wanu ndaumva, ndipo n'zoona kuti wovulala m'mutu amakayikiridwa chifukwa bala lake silioneka. Koma nambala imodziyo ndi umboni wofooka, ndipo katswiri wa mbali inayo angaigwetse ndi mfundo zomwe aphunzitsi apereka pamwambapa. Umboni wolimba ndi zolembedwa za tsiku la ngozi, GCS 14 ija, lipoti la apolisi, mayeso a kukumbukira ochitidwa ndi katswiri, ndi mboni za kuntchito zomwe zinamudziwa kale.

Kujambula kachiwiri kuli ndi phindu, koma pali malamulo ake. Ubongo wa munthu aliyense umachepa ndi ukalamba, pafupifupi 0.2 peresenti pachaka kuyambira zaka za m'ma 35, n'kufika cha pa 0.5 peresenti pachaka akamakwana zaka 60. Kuphonya kwa mapulogalamu abwino kwambiri poyeza ubongo wonse kumakhala pafupi ndi 0.2 yomweyo, ndipo pa zigawo zazing'ono kumakhala kokulirapo. Ngakhale kuchepa kwa madzi m'thupi kapena nthawi ya tsiku yomwe munthu wajambulidwa kumasuntha nambala pang'ono. Choncho chithunzi chachiwiri chimayenera kujambulidwa pa makina omwewo, m'njira yomweyo, n'kuwerengedwa ndi pulogalamu yomweyo, patapita chaka kapena kuposerapo. Kujambula ku Johannesburg lero n'kudzajambula ku Blantyre chaka chamawa kungayeze kusiyana kwa makina awiriwo m'malo mwa kusintha kwa ubongo. Ndipo poti chithunzi choyamba chajambulidwa patapita miyezi yambiri ngozi itachitika, zomwe zinasintha m'miyezi yoyambirira zadutsa kale osayezedwa. Banja liganize ngati ndalama ya ulendo wachiwiri singagwire ntchito yabwino yothandizira mnyamatayu pamene akugwira maola ochepa.

Ndisanatseke, ndinene kuti nkhani yoyeza kukula kwa ubongo si yachilendo kwa ife. Mu 2008 ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kunaikidwa makina a MRI a mphamvu ya 0.35 tesla (tesla ndi muyeso wa mphamvu ya maginito a makinawo), makamaka pa kafukufuku wa malungo a mu ubongo wotsogozedwa ndi Terrie Taylor wa ku Michigan State University. Mu 2015 gulu limenelo linafalitsa kuti mwa ana 168 omwe anajambulidwa, 84 peresenti ya omwe anamwalira anali ndi ubongo wotupa kwambiri, poyerekeza ndi 27 peresenti ya omwe anapulumuka. Kumeneko kusintha kunali kwakukulu moti madokotala ankakuona ndi maso pa makina ofooka. Kuchepa komwe tikukamba pano n'kwakung'ono kwambiri, ndipo mapulogalamu a malonda aja anapangidwira makina a 1.5 kapena 3 tesla. Pali njira zatsopano monga SynthSeg, yomwe ili m'gulu la FreeSurfer, zophunzitsidwa kuwerenga zithunzi zosaoneka bwino, ndipo makina ang'onoang'ono oyenda pa matayala a 0.064 tesla anayesedwapo ku Blantyre. Ndimalakalaka ophunzira athu a ku Kamuzu University of Health Sciences ndi a makompyuta a ku Chirunga atagwirizana zomanga kaundula wathuwathu, chifukwa okwera kabaza opanda chipewa ndimawaona tsiku lililonse pamsewu wa M3.

Mlongo wa Kalipentala, Chinamwali

Ndathokoza kwambiri nonse. Dzulo madzulo ndinakhala pakhonde ndi mayi n'kuwafotokozera za ana 100 oima pamzere komanso za thumba la chimanga, ndipo kwa nthawi yoyamba m'sabata ziwiri anadya nsima n'kumaliza. Achimwene a ku Johannesburg ndawatumizira zonse zomwe mwalemba, ndipo alonjeza kubwerera kuchipatala kuja kukafunsa ngati dokotala anayang'ana mitundu yomwe kompyuta inapaka, komanso kukatenga zithunzi zenizenizo pa CD kuti tizisunge.

A Kiliniko, funso lanu la mankhwala latitsegula maso. Nditamufunsa mlongo wanga, anatulutsa m'thumba la ovolosi mapaketi atatu opanda kanthu, ndipo wavomera kuti amamwa Panado m'mawa ndi masana pafupifupi tsiku lililonse kuyambira mu Malichi, komanso kuti amagona cha m'ma 1 koloko usiku chifukwa choganiza za ngongole ya matabwa. Izi sanauzepo aliyense, ngakhale mkazi wake. Lachiwiri tipita limodzi kukaonana ndi dokotala, ndipo mlamu wanga wayamba kulemba m'kope la sukulu nthawi yomwe mutu wayamba, zomwe amachita pa nthawiyo ndi maola omwe wagona. Ndifunseko chimodzi chotsiriza: mayeso a kukumbukira omwe a Wojambula atchula aja, kodi alipo ochitidwa m'Chichewa, poti mlongo wanga analekezera Fomu 2 ndipo ndikuopa kuti angalephere chifukwa cha Chingerezi osati chifukwa cha mutu?